Kamluzu ka Adokotala

"Kamluzu kameneka ndinakabereka ndekha," anatero Adokotala pa wailesi, dzuwa lili pamutu, msewu wonse ukumva. "Popanda mzamba. Ndinakhala pansi, ndinatseka maso, ndinakamva kakulira m'mutu muno, kenako ndinakaumba ndi manja angawa. Mundidzutse kutulo, mundimange chinsalu kumaso, mundipatse laputopu ya eni ake, ndikupangirani kamluzu komweko tiyi asanazizire m'kapu."

Woulutsa mawu anawomba m'manja yekhayekha, monga amachitira anthu a pa wailesi, nafunsa ngati oimba kiyibodi akadali ndi ntchito mu situdiyo masiku ano.

"Akiyibodi? Achimwene, amenewo anapita ndi makaseti. Ine ndinali naye wina. Zala khumi zonse zilipo, koma kumtundaku kumangowomba mphepo. Ndinamuuza kuti zala zimenezo akasendere mbatata."

Mwini zala khumizo anazimva ali pa mpando wa wometa, mutu utametedwa mbali imodzi. Anthu ankamutcha Zala kuyambira kalekale, ndiye panalibe wofunsa kuti akunena ndani. Wometa anazimitsa makina. Odikira pa benchi anayamba kuyang'ana nsapato zawo, kupatula mdala wina amene anaseka mpaka kutsokomola.

"Malizitsani," anatero Zala. "Mbatata zikundidikira."

Anaseka nawo, chifukwa munthu wometedwa theka sangakwiye pagulu. Koma mkatimo munali mutayaka kale.

Adokotala sanali dokotala wa chilichonse. Sanang'ambepo ngakhale chule. Udokotalawo anadzipatsa okha tsiku limene anagula magalasi akuda, ndipo magalasiwo, malinga ndi akazi awo, ankalowa nawo ndi m'bafa momwe. Akazi awowo anali mchemwali wake wa Zala, wamkulu, bere limodzi. Situdiyo inali kuseri kwa nyumba, m'chipinda chimene kale ankasungiramo matayala: makoma omata mathireyi a mazira, matiresi akale pachitseko, ndi laputopu yokalamba yopuma ngati munthu wokwera phiri. M'menemo Zala anakhalamo zaka, ataweramira kiyibodi, Adokotala ataima kumbuyo kwake akugwedeza mutu n'kumati, "Eya, ndimafuna chomwecho," pa chilichonse chimene chatuluka bwino.

Sikuti Adokotala anali mbuli. Ng'oma ankazitha. Ankadziwa pamene biti ikufuna kupuma ndi pamene woimba akufuna kutukwanidwa kuti mawu atuluke. Koma masinthi, mapulogalamu aja a pakompyuta opanga kaliridwe ka zida, ankawaopa. Ukatsegula imodzi, sikirini inkadzaza timawilo ndi tizingwe ngati kutsogolo kwa ndege, ndipo Adokotala ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi foni yoti aimbe.

Kenako kunabwera Kaphweka. Dzina lenileni linali lina, lachizungu, koma palibe anavutika nalo. Inali sinthi yatsopano yopangidwira ongoyamba kumene, oti dzulo lomweli ankaimba ndi supuni pa mbale. Timawilo tinayi basi, kalikonse ndi chithunzi chake: kadzuwa kowalitsa mawu, kanjovu kowanenepetsa, kamchira kowatalikitsa, ndi kaphanga koti azimveka ngati akuchokera kutali. Ukadina ndi chala chimodzi, inkakuimbira manoti atatu ogwirizana, ntchito imene Zala anaiphunzira ndi misozi komanso rula ya aphunzitsi.

Ndipo pakona, m'mwamba chakumanja, panali kadayisi, konga ka ludo. Ukakadina kankazungulira n'kuvundula zonse, timawilo tinayi tooneka ndi tina tambirimbiri tobisika mkati, n'kukulavulira kaliridwe kamene palibe anakamvapo. Kawirikawiri kankatulutsa zonyansa: chule wa chimfine, njinga yamoto yomira m'chithaphwi. Mwa apo ndi apo kankatulutsa golide. Koma ukapanda kuseva pomwepo, iwala. Kadayisi sikabwereza.

Masana ena kukutentha, akupanga nyimbo ya woimba wina wa mawu a m'mphuno, Adokotala anatuluka kukakalipira ana amene ankamenyetsa mpira kukhoma. Kanyimboko kanali kakuzungulira pa laputopu, manoti omweomwewo, kaliridwe kake kozizira ngati tiyi wa dzulo. Zala anatambasula mkono kuti atenge kapu yake kuseri kwa sipika. Chigongono chinakhudza mausi. Kadayisi kanazungulira.

Chimene chinatuluka m'masipika sichinali chitoliro, sichinali mbalame, sichinali munthu. Kanali kamluzu kopyapyala, kokhala ngati kakuseka koma kakufuna kulira, ndipo kumapeto kwa noti iliyonse kankaterereka pang'ono ngati phazi loponda sopo. Adokotala analowa chothamanga, patapata imodzi itatsala panja.

"Wagwira chiyani?"

"Chigongono, alamu."

"Usapume! Usagwedezeke!"

"Kaseveni kaye kaliridweko. Kapatseni dzina, kakhale m'nkhokwe."

"Iwe, usandiphunzitse ntchito. Laputopu ikufa iyi, sukuimva?"

Laputopu inalidi kutsamwa. Ndiye Adokotala anachita zimene amachita onse a malaputopu okalamba: anabaunsa. Kubaunsa kuli ngati kuotcha njerwa. Zonse zimene zikulira umaziumitsa kukhala chinthu chimodzi kuti makina apepukidwe, koma ukaotcha waotcha, sungaumbenso. Anaotchera pamodzi kamluzu, kuwomba m'manja ndi timaseche ta biti, anachotsa Kaphweka pa nyimboyo, naseva pamwamba pake. Njerwa inatuluka yokongola. Chikombole chinapita kudzala.

Nyimboyo inayaka. M'maminibasi, m'mashopu, m'mafoni a anthu, ponseponse kamluzu. Woimba wa m'mphuno uja palibe anamukumbukira; anthu ankangodikira amalize vesi yake kuti kamluzu kabwerere. Ana ankayesa kukaliza ndi milomo n'kumalavulirana. Adokotala anagula magalasi ena, akuda kuposa oyamba.

M'mawa wina Zala anapeza kiyibodi yake ili pakhonde, pamwamba pake pali beseni la zochapa.

"Malo achepa mkatimu," anatero Adokotala ali pakhomo. "Ndagula sofa ya alendo. Komanso, tinene zoona, chala chimodzi chikukwana masiku ano."

Zimenezo Zala anameza. Za wailesi zija ndi zimene zinakana kutsika pakhosi.

Ntchito imene anaipeza inali ya pa hotela ina ya m'tauni, kuimba piyano nthawi ya nkhomaliro, pakati pa mtengo wa pulasitiki ndi chitseko cha kuchimbudzi. Iye ankaimba zofewa, anthu ankatafuna. Wina akamuyang'ana, ndiye kuti akufuna kufunsa ngati m'chimbudzimo muli munthu.

Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Mfumukazi, woimba wamkulu uja amene mawu ake amayi athu ankachapira ndipo ana athu akuvinirabe. Atamaliza kudya anabwera, natsamira piyano.

"Si iwe unkaimba kwa dokotala uja wa magalasi?"

"Ndine, amayi. Ndi alamu anga."

"Ndikufuna kumupatsa chimbale changa chonse chatsopano. Koma ine mapulojusa ndawaona, mwana wanga. Ena amagunda nyimbo imodzi mwangozi, moyo wonse n'kumadya yomweyo. Ameneyu ndi weniweni?"

Zala akanatha kunena zoona. Koma zoona zochoka m'kamwa mwa munthu wochotsedwa ntchito zimanunkha nsanje, ndipo Mfumukazi akanangomumvera chisoni n'kumupatsa moni wa kunyumba. Ndiye anachotsa manja pa piyano, naika dzanja pamtima.

"Amayi, munthu uja si munthu. Tsiku limene kamluzu kanabadwa ine ndinalipo, ndinali pafupi kuposa aliyense. Zimene ndinaona sindidzaziiwala. Koma ali ndi vuto limodzi. Mukakhala awiriwiri m'chipinda amachita ulesi, amangokulizirani nyimbo zakalekale. Amafuna gulu. Muwaimbire nyimbo yanu yatsopano pamaso pa anthu, muwauze kuti ikanipo kamluzu pompano. Mudzaona zimene simunaonepo."

"Ukuti pagulu."

"Loweruka likubwerali a kampani ya Kaphweka akonza maphunziro a ongoyamba kumene, mu holo ya kukoleji. Mphunzitsi ndi iwowo. Nkhope yawo ili pa mapolo onse a magetsi, magalasi okhaokha."

Mfumukazi anamuyang'ana nthawi yaitali, monga amayang'anira mayi nsomba ya pamsika.

"Umawakonda alamu akowo."

"Kwambiri, amayi. Sindigona tulo chifukwa cha iwo."

Uthenga unawafika Adokotala tsiku lomwelo: Mfumukazi abwera Loweruka ndi nyimbo yake, ndipo kamluzu kakalira pa nyimboyo anthu akuona, chimbale chonse n'chawo. Kakapanda kulira, moni kwa onse. A kampani atamva anavina, nalemba dzina la Mfumukazi pa mapepala awo ndi zilembo zazikulu kuposa za Adokotala. Pothawira panalibe.

Sipanapite nthawi, mchemwali wake wa Zala anafika kuchipinda chake cha lendi m'mawa, osagogoda.

"Iwe, wawachita chiyani alamu ako?"

"Ine? Ndawatama basi, achemwali. Kutama munthu ndi mlandu?"

"Sakudya. Sakusamba. M'situdiyo muja mukutuluka achule, mbuzi, ambulansi. Galu wa aneba wasamukira kwa eni ake akale. Akukufuna."

"Ndili ndi mbatata zosenda."

"Usandiseketse, ndakwiya." Anakhala pa bedi, natula chikwama pamiyendo. "Pakamwa pawo ndimapadziwa kuposa iwe, ndimadzuka napo tsiku ndi tsiku. Zimene ananena zija ndinawatukwanira, ukawafunse. Koma ndi bambo a ana anga, ana omwewo umawabereka pakhosi. Akagwa pamaso pa mayi amene uja, m'chipinda muja simudzalowanso woimba, mubwerera matayala. Ndiye ukachita dala, udziwe kuti wachitira ine."

Zala anapita.

Anawapeza Adokotala atakankhira magalasi pamphumi. Kanali koyamba kuona maso awo kuchokera tsiku la ukwati: tating'ono, tofiira, ngati ta khoswe wopezeka m'thumba.

"Alamu! Lowani, lowani. Khalani pa sofa. Mayi a ana, tiyi wa alamu!"

Zala anaona kuti "iwe" uja wasanduka "inu" popanda mwambo uliwonse. Anakhala pa sofa, pamalo enieni pamene pankakhala kiyibodi yake, natambasula miyendo.

Adokotala anali atayesa zonse. Anayesa kudula noti imodzi pa njerwa ija kuti aimbire nyimbo ina, koma noti iliyonse inkabwera ndi kuwomba m'manja kwake, kutakakamira ngati nkhupakupa. Atayesa kupala kuwomba m'manjako, kamluzu kanatsala kowonda ngati udzudzu. Anapotokola timawilo tinayi mbali zonse. Kadayisi anakamenya mpaka chala chinatupa.

"Inu munali pafupi, alamu. Simukukumbukira kuti kadzuwa kanaloza pati? Kanjovu?"

"Ngakhale ndikumbukire, za mkati zija ndani anaziona? Ndinati sevani."

"Zakale zisiyeni. Tamverani ichi."

Anadina. Kunatuluka mluzu ndithu. Unali waukhondo, waulemu, woti ungaupereke kwa apongozi. Koma sunkaseka, sunkalira, sunkaterereka.

"Mukuti bwanji?"

"Akufanana mphuno."

"Anthu alibe makutu, alamu. Chilichonse cholira mluzu adzawombera m'manja. Timawilo take ndaloweza, ndikatipotokola pamaso pawo ngati ndikuumba kumene. Koma zikavuta, ndikufuna munthu wanga pansi pa tebulo. Laputopu ikhala yolumikiza ku sikirini yaikulu kuti ophunzira aziona zimene ndikuchita. Ndikangonena kuti tafika pa chinsinsi, muzule chingwe cha sikiriniyo. Ine ndivala mahedifoni, ndimenya kadayisi mpaka katuluke kenakake. Kanabwera kamodzi, kabweranso."

"Nanga ine ndipezapo chiyani?"

"Nenani."

"Mubwerere pa wailesi. Za chigongono musanene, zikhale zanu. Mukangonena kuti munthu wa mbatata uja anakuimbirani zaka zonsezi, ndipo ankaimba bwino."

Adokotala anatsitsa magalasi, maso aja anabisala.

"Likadutsa Loweruka, alamu. Tidzaona."

Zala ankamudziwa "tidzaona" ameneyo. Anali atakhala naye chipinda chimodzi zaka zambiri, ndipo sanaonepo kanthu. Komabe potuluka anaona mchemwali wake pa windo la kukhitchini, ataimitsa mbale m'manja osaitsuka, akungomuyang'ana. Kuchokera pamenepo mpaka Loweruka mtima wake unali pawiri. M'mawa ankadzuka atatsimikiza kuti chingwe sazula. Akamafika madzulo n'kuti atachizula kale m'maganizo, akudzitukwana kuti ndi wofewa ngati buledi wonyowa.

Loweruka holo inadzaza. Ana asukulu, osoka zovala ofuna kukhala ma DJ, abusa awiri, alonda, mayi wina wobereka mwana, onse ndi timalaputopu kapena mafoni, onse ali ndi Kaphweka. Kutsogolo kunali tebulo lalitali lofunda nsalu yofika pansi. Pamwamba pake, kukhoma, kumbuyo kwa mutu wa mphunzitsi, anapachika sikirini yaikulu ngati chitseko cha garaja, moti wokhala patebulo sakanaiona popanda kudzuka n'kuyenda chafutambuyo. Mfumukazi anakhala pa mzere woyamba, fani yoimika ikumupepesera iye yekha. Mchemwali wake wa Zala anakhala chapakati, atavala diresi la kutchalitchi.

Zala anali pansi pa tebulo, pakati pa zingwe ndi nsapato zosongoka za alamu ake.

Tisawanamizire Adokotala: anayamba bwino. Anamanga biti anthu akuona, ng'oma pamwamba pa ng'oma, mpaka m'busa mmodzi anayamba kugwedeza phewa mnzake n'kumugwira. Anafotokoza kadzuwa, kanjovu, kamchira, kaphanga, zonse ndi nthabwala. Mtsikana wina wa kumbuyo anakweza dzanja.

"Nanga kadayisi, Adokotala? Ife timangodina komweko."

Holo inaseka, chifukwa aliyense ankadina komweko.

"Ndiye chifukwa chake muli kumbuyoko, ine ndili kuno," anatero Adokotala. "Kameneko anakaikira aulesi ndi akhungu. Ndi juga. Ine chibadwire sindinakakhudzepo, ndipo ndinawauza a kampaniwa kuti pa laputopu yanga akachotsepo, kakungondidetsera sikirini."

Mayi wina wa kampaniyo, amene anakhala pambali pa Mfumukazi, anamwetulira ngati wamezera fupa.

Apo Mfumukazi anaimirira. Sanafune maikolofoni. Anang'ung'udza nyimbo yake yatsopano, mizere iwiri yokha, ndipo mu holo munati zii, khanda la mayi uja n'kusiya kuyamwa.

"Ndi imeneyo, adokotala. Ndiikireni kamluzu."

Adokotala analowetsa manotiwo ndi chala chimodzi, ndipo anawapeza onse, khutu analinalo. Kenako anatambasula manja ngati wopempherera odwala, napotokola timawilo monga analowezera: kadzuwa apa, kanjovu apo. Anadina. Mluzu waulemu uja unayenda pa nyimbo ya Mfumukazi kuchokera koyamba mpaka kumapeto, osapunthwa.

Anthu angapo anayamba kuwomba m'manja, koma ataona kuti Mfumukazi sakuwomba, anasandutsa kuwombako kukhala kukanda zikhatho.

"Ameneyu ndi msuweni wake," anatero Mfumukazi. "Ndikufuna mwini wake."

"Ndi yemweyo, amayi, kungoti masipika a muno..."

Wina chapakati analiza nyimbo yakale ija pa foni yake, kafoni kosweka galasi, sipika yake ngati ya chidole. Kamluzu kenikeni kanatuluka, kanaseka, kanalira, kanaterereka. Holo yonse inati, "Eeeh, ako!"

"Ndimakuyesani," anatero Adokotala. "Ndimafuna ndione ngati muli ndi makutu. Mwakhoza."

Anakweza kadzuwa. Mluzu unasanduka ketulo. Anatsitsa kadzuwa, nakweza kanjovu. Ketulo inasanduka ng'ombe. Anawonjezera kaphanga, ng'ombe inagwera m'chitsime. Pansi pa tebulo Zala ankaona nsapato yosongoka ya alamu ake ikugogoda simenti. Anthu anayamba kunong'onezana. Mpando wina unakhuluka, munthu akutuluka.

Zala anasuzumira pa mpata wa nsalu, naona mchemwali wake atagwira chikwama ndi manja awiri, milomo ikuyenda. Anafufuza chingwe cha sikirini, chokhuthala, chakuda, nachigwira pamutu. Basi, anaganiza, ndichitira achemwali. Wailesi ikhale.

"Tsopano," anatero Adokotala pamwambapo, "tafika pa chinsinsi. Gawo ili ndiye sindionetsa munthu, ngakhale mkazi wanga."

Palibe anaseka. Ndipo Adokotala anali munthu woti holo ikazizira amamva ngati akumira, amagwira chilichonse chili pafupi. Anakweza nsalu ya tebulo.

"Ndili ndi mnyamata wanga pansi apa. Tatulutsa mutu, iwe, akuone. Mwamuona? Uyu ndi uja ndinkamunena pa wailesi, wa zala khumi. Anthu amati ndinamutaya. Sindinamutaye ayi, ndinamupezera ntchito yomuyenera. Mbatata zinamukanika, koma zingwe akuyesetsa!"

Holo inaphulika. Kuseka kwa anthu amene amafuna poyambira. Zala anali chogwada, mutu uli kunja kwa nsalu ngati kamba, fumbi lili m'mawondo, maso mazanamazana ali pa iye. Anamwetulira, nagwedezera anthu dzanja.

"Zimitsa sikirini, mnyamata."

"Chabwino, bwana."

Anabweza mutu mkati. Anasiya chingwe chokhuthala chija bwinobwino pamalo pake, anachikankhiranso pang'ono kuti chilowe zolimba. Pambali pake panali china, chopyapyala, choyera. Anachizula ndi mphamvu kuti phokoso limveke, natulutsa mutu wake wa mano atatu pa mpata wa nsalu, pafupi ndi bondo la alamu ake.

"Yathima, bwana."

Adokotala sanayang'ane n'komwe kawiri. Anatseka masipika, navala mahedifoni aakulu otseka makutu onse, nakoka laputopu kufupi ndi chifuwa ngati mwana wasukulu wobisa mayeso.

Pa mzere woyamba, fani inazungulira pang'onopang'ono n'kuima. Mfumukazi anaiyang'ana. Anayang'ana nsalu ya tebulo. Anakweza maso kuyang'ana sikirini, imene inali kuwala ngati masana, timawilo tonse tinayi tikuoneka, kalikonse kakakulu ngati beseni. Mayi wa kampani anadzuka kuti akanene, koma Mfumukazi anamugwira mkono n'kumukhazika pansi, naika chala pamilomo, kutembenukira holo yonse.

Kamuvi ka mausi kanayamba ulendo. Kanachoka pa kadzuwa. Kanadutsa kanjovu osaima. Kanadutsa kamchira, kanadutsa kaphanga, kanakwera m'mwamba chakumanja mwakachetechete, ngati mwamuna wobwera mochedwa atanyamula nsapato m'manja. Kanaima pakona.

Kadayisi, kakakulu ngati mutu wa munthu, kanazungulira.

Adokotala anamvetsera, anapukusa mutu pang'ono, nakwezera anthu chala chimodzi kuti adikire, ntchito ya akatswiri safulumizitsa. Kadayisi kanazunguliranso. Kanazunguliranso. Mafoni anayamba kukwera m'mwamba, umodzi umodzi, kenako holo yonse. Adokotala, thukuta likutsika pansi pa magalasi, anatseka maso, nayamba kugwedeza mutu mwaulemerero ngati munthu amene akumva angelo, chala chikudina, chikudina, chikudina.